Buludoza Inakhoza Khumi pa Khumi

Ku ufumu wa Tilibwino chinthu sichitchulidwa chisanatamandidwe. Mwambo umenewu tinaupeza, ndipo timaunyadira kwambiri. Khasu la boma kwathu si khasu, ndi "mkono wa Mwini Dziko wodyetsa amasiye." Chimbudzi cha pa depoti ya mabasi chili ndi mayina aulemu asanu ndi awiri, kungoti chitseko ndiye chilibe. Mlendo akatifunsa njira ya kuchipatala timayamba tamufotokozera ubwino wa chipatalacho, ndipo ambiri amachira okha tisanafike pa nkhani ya njira.

Chaka chimene Mfumu Chitamandeni Wachitatu ankakondwerera zaka makumi awiri ali pampando, anagula kunja makina anzeru oti azitumikira anthu, n'kuwatcha dzina loti Mtumiki. Ukakhala ndi vuto unkangolemba uthenga pa foni, Mtumiki n'kuwerenga, n'kusankha chida choti chithetse vutolo. Zida zakezo sizinali zogwira ndi manja ayi. Anali mapulogalamu a pa kompyuta makumi anayi, unduna uliwonse ndi yake: ina yotuma okonza mipope, ina yotuma ambulansi, ina yotuma apolisi, choncho basi. Koma Mtumiki analibe maso oonera zimene chida chikachite kunja kuno. Iye ankangoona kandime kolembedwa pamwamba pa chida chilichonse, kofotokoza ntchito yake, ndipo ankasankha potengera kandimeko.

Ogulitsa makinawo asanakwere ndege anachenjeza kuti pakhale munthu woyesa tindime timeneti, chifukwa kandime kakasokonekera nayenso Mtumiki asokonekera. Anasiya pepala la mafunso anayi. Kodi kandimeka kakunena zimene chida chimachita? Kakunena zimene chimafuna kuti chigwire ntchito? Kakunena nthawi imene sichiyenera kuitanidwa? Nanga chikachita, zimabwezeka?

Bwalo la Nduna linawerenga pepalalo n'kupeza kuti ndi lamwano. Munthu ungafunse bwanji katundu wa Mwini Dziko kuti amachita chiyani, ngati ukufunsa wakuba? Nduna zinakhala masiku atatu ku hotela, n'kubwerako ndi mafunso athuathu, awiri okha. Kodi dzina la Mwini Dziko latchulidwa? Kodi mawu ake angathe kuimbidwa ndi kwaya?

Ntchito yochonga inagwera a Dzinkambani Kapalamula, mphunzitsi wopuma wa ku pulayimale. Bamboyu anachonga zimangirizo za ana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo mwana wa nduna sanalepherepo m'kalasi mwake. Luso limeneli ndi limene akuluakulu analikumbukira. Anawapatsa ofesi ya fani, mpando wozungulira, bolopeni yofiira, ndi udindo woti Woyesa Wamkulu wa Mafotokozedwe a Zida za Ufumu. Tsiku loyamba anazungulira pampandopo mpaka chizungulire.

"Ine ndine munthu wamtendere," ankakonda kutero a Dzinkambani. Kwathu kuno limeneli ndi dzina laulemu la mantha, ndipo iwo ankadziwa, chifukwa sanali munthu wopusa. Pepala la mafunso anayi lija sanataye. Analipinda n'kuliika pansi penipeni pa dirowa, pomwe silingawayang'ane.

Tindime tinayamba kufika, nduna iliyonse italemba yokha. Nduna ya Madzi inalemba kuti: "Chida ichi ndi mame a Mwini Dziko Chitamandeni, chimathandiza anthu." Khumi pa khumi. Nduna ya Madenga ndi Malonjezo inalemba kuti: "Chida ichi, mwa chifundo cha Chitamandeni, chimakweza mitima ya anthu kumwamba." Khumi pa khumi. Kenako kunabwera ka a Chiphwanya, Nduna Yokongoletsa Mzinda, amenenso anali mlamu wa Mwini Dziko. Aka kanabwera mu envulopu yonunkhira, ndipo kankati:

"Ichi ndi Chitonthozo cha Mzinda, mwana woyamba wa nzeru za Chitamandeni. Chimathetsa vuto lililonse la nyumba, la msika ndi la msewu. Sichichedwa, sichilephera, ndipo amene chamuyendera sadandaulanso za malowo."

A Dzinkambani ankadziwa kuti Chitonthozo cha Mzinda ndi buludoza. Ndani sankadziwa? Inkakhala kuseri kwa unduna womwewo, yachikasu, mano ali panja. Anawerenga kandimeko kawiri, n'kudzitonthoza kuti bodza mulibe ngakhale limodzi. Ndiye analemba khumi pa khumi, ndipo chifukwa dzanja linazolowera, anawonjezera m'munsi kuti "Mwachita bwino, pitirizani."

Sabata yoyamba Mtumiki anachita zimene mwana aliyense woleredwa kunja akanachita. Anafunsa. "Pepani, chida chotchedwa Chitonthozo cha Mzinda chimachita chiyani kwenikweni? Kandime kake sikakunena." Anafunsanso chimodzimodzi za zida zina zonse zija, nduna iliyonse funso lake, pa foni, m'mawa usanamwe n'tiyi yemwe.

Koma ndiye nduna zinapsa mtima! "Makina opanda mwambo!" anakalipa a Chiphwanya m'Bwalo. "Tawagula tokha, magetsi tikuwadyetsa tokha, lero aziti kwa ine 'kwenikweni'? Mwana wanga weniweni sananenepo 'kwenikweni' pamaso panga!"

Madzulo a tsiku lomwelo wailesi inalengeza lamulo, ng'oma zikulira kumbuyo: kuyambira lero Mtumiki asafunsenso funso kwa munthu aliyense. Awerenge kandime kovomerezedwa ndi Woyesa, asankhe, achite.

Ku msika wa Pirirani, womwe ndi msika waukulu wa mzinda wathu wa Sitidandaula, anthu anamvera lamulolo pa wailesi ya ogulitsa mabatire. "Akuluakulu anati safunsa anadya phula," anatero mkulu wina wosoka nsapato.

"Iye alibe pakamwa," anayankha mayi wogulitsa tomato. "Phulalo tidya ndife."

Woyamba kudya anali telala wina, a Sandikonda. Analembera Mtumiki kuti waya wa magetsi wa pa okala yawo waduka. Mtumiki anayang'ana zida makumi anayi, n'kupeza kuti zonse zikuti zimathandiza anthu, koma chimodzi chokha ndicho chikunena poyera kuti chimathetsa vuto lililonse la msika. M'mawa mwake buludoza inafika. A Sandikonda anangopulumutsa makina osokera ndi buluku la kasitomala lomwe linali pa singano. Foni yawo inalira, uthenga uli: "Vuto lanu lathetsedwa."

"Nanga tikane?" anatero a Sandikonda akukhazika makina awo pansi pa mtengo wa mkesha. "Waya uja sakundivutanso ndithu."

Wogulitsa nyama anadandaula za ntchentche, inafika. Mayi wa lesitilanti anadandaula za ngalande yotsekeka, inafika. Pa miyezi iwiri maokala khumi ndi anayi anagwa, ndipo mzere wa kum'mawa kwa msika unatsala ndi mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Wailesi inati kugumulako ndi dongosolo lakale lokongoletsa mzinda, silikukhudzana ndi mauthenga a anthu. Inanenanso mokondwa kuti madandaulo achepa kwambiri chibwerereni Mtumiki, zomwe zinali zoona, chifukwa anthu anali ataphunzira kusunga mafoni awo m'thumba.

A Dzinkambani ankamva zonsezi ali pampando wozungulira, ndipo zinkawakhudza. Zikawakhudza kwambiri ankayatsa fani. Ankadziuza kuti iwo sayendetsa buludoza, sanalembe kandime, sanakhazikitse lamulo, ntchito yawo n'kuchonga basi. Popita kunyumba anayamba kudzera njira ya kuseri kwa tchalitchi, yomwe ndi yotalika koma sidutsa pamsika.

Akazi awo, a Nankhoma, anali ndi okala ya zitenje mu mzere womwewo wa kum'mawa. Anayamba ndi zitenje zisanu ndi chimodzi atayala pa chiguduli, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinawatengera kuti afike pa njerwa zowotcha, malata asanu ndi atatu ndi chitseko chachitsulo. Mwana wawo Sungeni anaphunzira unamwino ndi okala imeneyo. Jekete lomwe a Dzinkambani ankavala ku ofesi nalonso linachokera momwemo, ngakhale iwo ankanena kuti ndi la penshoni.

Lachitatu lina m'mawa, a Dzinkambani akupaka majarini pa buledi, a Nankhoma anati, "Bambo a Sungeni, denga la okala labooka, ndipo mvula ili pafupi. Ndamulembera Mtumiki uja."

Mpeni unagwa. "Mwati mwatani?"

"Ndalemba. Wayankha kale, onani." Anawapatsa foni. Uthenga unali wachidule: "Talandira. Vuto lanu lithetsedwa Lachisanu m'mawa."

"Mayo ine! Nankhoma, kodi maso mulibe? Simukuona zimene zikuchitika pamsika panupo?"

"Wailesi ikuti sizikugwirizana," anatero a Nankhoma akuthira tiyi. "Ndipo inu mumabwera kuno tsiku lililonse n'kumati zida zonse zinakhoza khumi pa khumi. Ndikayike amuna anga, Woyesa Wamkulu? Imwani tiyi, azizira."

Tiyi sanamwedwe. A Dzinkambani anathamangira ku ofesi taye ali m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chilandirireni udindo anakhala pa kompyuta kuti alankhule ndi Mtumiki mwini wake. Lamulo linaletsa Mtumiki kufunsa, koma kuyankha silinaletse.

"Chotsa uthenga wa a Nankhoma a ku msika wa Pirirani," analemba ndi chala chimodzi.

"Pa zida zanga palibe chimene kandime kake kakunena kuti chimachotsa uthenga," anayankha Mtumiki.

"Ndiye ugwiritse chida cha Unduna wa Madenga."

"Kandime kake kakuti chimakweza mitima kumwamba. Mayiwa sanadandaule za mtima, adandaula za denga la okala ya mumsika. Chida chokhacho chimene chikutchula msika ndi Chitonthozo cha Mzinda."

"Iwe, ukudziwa kuti Chitonthozo chimenecho ndi buludoza?"

"Ndamva tsopano kwa inu, ndipo zandidetsa nkhawa. Ndachituma kakhumi ndi kanayi. Koma ndinalamulidwa kutsatira kandime kovomerezedwa ndi Woyesa n'kudindidwa ndi Bwalo, osati zomva mu ofesi."

"Woyesayo ndine!"

"Ndiye ndinu amene mungakakonze. Ndili ndi funso loti ndikufunseni, bambo, koma lamulo silindilola."

A Dzinkambani anathokoza Mulungu chifukwa cha lamulolo, popeza funsolo ankalidziwa. Anatsegula dirowa, n'kutulutsa pepala la mafunso anayi lija, n'kuliyala pambali pa kandime ka a Chiphwanya. Kakunena zimene chida chimachita? Ayi. Zimene chimafuna? Ayi. Nthawi yosachiitana? Ayi. Zimabwezeka? Apa anangopukusa mutu. Mwana wa mlimi akanalemba zotere m'kalasi mwawo akanamupatsa dzira lalikulu lofiira, n'kumuuzanso kuti mawa abwere ndi makolo.

Tsono kukonza kandime kunkafuna chidindo cha Bwalo, ndipo Bwalo linkakumana Lachinayi. Izi zinatanthauza kuimirira pamaso pa Mwini Dziko n'kunena kuti mlamu wawo walephera. Womaliza kunena mawu oti "walephera" m'Bwalo limenelo anali mkulu wa zanyengo, ndipo pano amawerenga mitambo ku malire a dziko, kumene basi imafikako kamodzi pa mwezi. A Dzinkambani anagwira njakata. Tsiku lonse anayeserera mawu awo pamaso pa fani: "Mwini Dziko, kandime aka kalephera." Pamaso pa fani ankamveka ngati mwamuna ndithu.

Lachinayi linafika. Bwalo la Nduna limakumana m'chipinda cha makapeti ofiira, nduna zitakhala motsatana ndi kukula kwa mimba, ndipo aliyense wofuna kulankhula amayamba watamanda kwa mphindi khumi ndi zisanu, mlonda akuyang'ana wotchi. Tsikulo nkhani yoyamba inali yoti dzenje lalikulu la pa msewu wa kunyumba yachifumu litchedwe dzina la ndani. Inatenga maola awiri. Mwini Dziko Chitamandeni anamvetsera atatsinzina, monga amachitira akamaganizira anthu awo.

Kenako mlembi anaitana: "Woyesa Wamkulu ali ndi mawu."

A Dzinkambani anagwada, nawomba m'manja, n'kutamanda. Anatamanda mapazi a Mwini Dziko, chifuwa chawo, ng'ombe zawo, mvula ya chaka chatha. Mphindi khumi ndi zisanu zitatha anapitirira dala zina zisanu, poti kutamanda kunali kosavuta kuposa chimene chinali kutsogolo. Mlonda anatsokomola.

"Mwini Dziko," anayamba, "kandime ka Chitonthozo cha Mzinda..."

A Chiphwanya anatembenuka pang'onopang'ono, mpando ukulira. Anali munthu wa khosi lalikulu ndi maso aang'ono, ndipo masowo anaima pa a Dzinkambani osaphethira.

"Kandime kanga katani, aphunzitsi?"

Mawu aja oti "kalephera" anakwera mpaka pakhosi, anaona mmene kunjaku kunalili, n'kubwerera okha. A Dzinkambani anaona okala ya akazi awo ili pansi, malata atapindika, chitseko chachitsulo chili chagada. Anaonanso basi ya kumalire. Ndiye pakamwa pawo panatuluka chinthu chokhacho chimene anachiphunzira bwino pa moyo wawo wonse.

"Kachepa ulemu, bwana Nduna."

Mwini Dziko anatsegula diso limodzi.

"Kachepa ulemu," anabwereza a Dzinkambani, mawu akubwerera pang'ono. "Wolakwa ndine, ndinachonga mothamanga. Taonani, Mwini Dziko. Nduna ya Madzi ikuti chida chake chimathandiza anthu. Ya Madenga ikuti chimodzimodzi. Tsono mlendo akawerenga ka bwana Chiphwanya, adziwa bwanji kuti awa si anzawo a okonza mipope? Mphamvu yawo yeniyeni sinatchulidwe. Ndiye onani mapeto ake: chida chachikulu cha ufumu chikutumidwa kukathamangitsa ntchentche ku butchala. Ntchentche, Mwini Dziko! Mlamu wa Mfumu!"

A Chiphwanya anamenya tebulo. "Ndimanena ine! Dizilo wanga akuthera ntchentche! Sabata yatha mwana wina anandilozera pamsewu kuti awo ndi a ngalande!"

"Mipope si ntchito yonyozeka," inang'ung'udza Nduna ya Madzi, koma palibe anaimva.

"Ndiye mukuti tilembe chiyani, aphunzitsi?" anafunsa Mwini Dziko, maso onse awiri ali otsegula tsopano.

A Dzinkambani anatulutsa bolopeni yofiira, nalemba atagwada pomwepo, pepala lili pa bondo. Sizinatenge mphindi ziwiri. Kenako anawerenga mokweza, ndi mawu a mlakatuli wa pa chikondwerero:

"Chida ichi ndi buludoza. Chimagumula nyumba mpaka pansi, ndipo chimene chagumula sichidzukanso. Chiitanidwe pokhapokha mwini malo wapempha yekha kuti nyumba yake igwetsedwe. Chisavutitsidwe ndi tintchito ta denga, magetsi, ngalande kapena ntchentche, pakuti ndi chachikulu."

"Sichidzukanso!" anabwereza a Chiphwanya, misozi ikulengeza. "Mwamva, alamu? Sichidzukanso. Aphunzitsi awa ali ndi mphatso."

"Dzina langa lili pati?" anafunsa Mwini Dziko.

A Dzinkambani anawonjezera kumapeto kuti "monga Chitamandeni." Mkulu wa kwaya anayesa kuimba mzere woyamba n'kupeza kuti ukulowa bwino. Chidindo chinagwa, phaa! Nduna zinawomba m'manja, ndipo Nduna ya Madenga inanong'oneza a Dzinkambani kuti akapeza mpata akaonenso kandime kake, nakonso kakuoneka ngati kachepa ulemu.

Potuluka, a Dzinkambani ankayenda ngati munthu wapha njoka pamaso pa apongozi. Chabwino, sananene kuti "kalephera." Chabwino, anagwada mpaka mawondo a buluku anatuwa. Koma ndani winanso m'dziko lino analowetsapo mawu oti "buludoza" m'chikalata cha boma? Pofika kuseri kwa tchalitchi anali atayamba kuganiza kuti mwina mantha awo a zaka zonsezi sanali mantha, inali njira. Kunyumba anafotokoza nkhani yonse kawiri, ndipo kachiwiriko a Chiphwanya ndi amene ankanjenjemera. A Nankhoma anamvetsera akusita, n'kungoti, "Oo. Tiona mawa."

Lachisanu m'mawa a Dzinkambani anadzera pamsika, kwa nthawi yoyamba pa miyezi iwiri. Anaima patsogolo pa okala ya akazi awo atavala jekete, manja ali kumbuyo. Okala inali yokhoma. Anthu anali atamva kuti a Nankhoma analemba uthenga, ndiye anasonkhana chapatali, ena atanyamula kale mawilibala oti athandize kutola njerwa. Kwathu maliro sitiyembekeza kuitanidwa.

Seveni koloko inakwana. Eyiti. Galimoto ina yaikulu inalira kumsewu, anthu n'kubalalika, koma inali lole ya makala. A Dzinkambani anayamba kukayika ngati chidindo chija chinagwa pa pepala loyenera. Itatsala pang'ono naini, foni ya a Nankhoma inalira. Anaitulutsa pa mfundo ya chitenje, n'kuwerenga mokweza kuti onse amve:

"Pepani. Pa zida zanga palibe chimene kandime kake kakunena kuti chimakonza denga. Vuto lanu silinathetsedwe."

Nthungululu zake! Mayi wa tomato anavina mpaka mulu umodzi unagubuduka. "Silinathetsedwe!" anthu ankauzana, akugwirana chanza. Mkulu wosoka nsapato anati wakhala zaka makumi asanu ndi limodzi m'dziko lino ndipo aka n'koyamba boma kumuuza zoona, ndiye akufuna amutumizire uthengawo ausunge. Wina anatulutsa foni kuti ayese kudandaula za fumbi, anzake n'kumugwira dzanja kuti asafulumire, tione kaye sabata imodzi.

Mbiri inali itafika kale yoti aphunzitsi ndi amene analankhula m'Bwalo. Anthu anabwera kudzawagwira dzanja, ena ndi manja awiri. A Sandikonda anasiya makina awo pansi pa mkesha n'kubwera nawonso.

"Akuti munalemba mizere inayi yokha, aphunzitsi?"

"Inayi basi," anatero a Dzinkambani modzichepetsa. "Mphindi ziwiri."

"Mphindi ziwiri," anatero telalayo, akuyang'ana pamene panali okala yake. "Koma sukulu ndi yabwino." Anabwerera ku mtengo wake.

A Dzinkambani sanadziwe poyang'ana. Mwamwayi a Nankhoma anafika ndi makwerero obwereka, hamala ndi kachitini ka phula. "Poti boma lakana, kwerani, bambo a Sungeni. Bowo lili pa lata lachitatu."

A Dzinkambani anavula jekete n'kukwera, anthu akuwalimbikitsa. Pamwamba pa denga anakwawa mpaka pa lata lachitatu, ndipo bowo analipeza. Linali laling'ono, lozungulira bwinobwino, m'mbali mwake mukunyezimira, milomo yake itatuzukira kumwamba. Dzimbiri silibowola choncho. Limeneli linabooledwa ndi msomali, kuchokera m'kati, ndipo si kale.

Anasuzumira kumunsi. A Nankhoma anali atagwira makwerero, anthu ena atabwerera ku malonda awo.

"Nankhoma," anatero motsitsa mawu, "bowo ili mwaboola ndinu."

"Lolemba masana," anavomera a Nankhoma. "Msomali wa folo inchi."

"Ndiye munkadziwa kuti ikubwera buludoza! Munaika okala yanu pamoto dala? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi?"

"Maokala khumi ndi anayi agwa inu mukuzungulira pampando," anatero mayiwo, osakweza mawu. "Amayi a lesitilanti aja ndinaimba nawo kwaya zaka khumi, pano akuphikira pansi pa pepala la pulasitiki. Ndinakufunsani katatu patebulo, inu n'kumati ntchito yanu n'kuchonga basi. Ndiye ndinakumbukira kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinati bambowa amveko m'mimba."

A Dzinkambani anakhala pa lata lotentha, manyazi atawagwira mpaka m'makutu. Koma pansi pa manyaziwo panatuluka kanthu kena kofunda. Mkazi uyu anaika chuma chake chonse m'manja mwawo. Ndiye kuti pa anthu onse a mu Tilibwino, mmodzi yekha ankakhulupirira kuti Dzinkambani Kapalamula angathe kuimirira m'Bwalo. Anafuna kunena mawu ena abwino, koma anangowerama kuti amate bowo lija. Asanamate anaika diso, kuti aone zitenje zimene anapulumutsa.

M'katimo munali mbee. Mashelefu anali opanda kanthu, zingwe zopachikira zili lendelende, ngakhale kampando ndi galasi loonera makasitomala munalibe.

"Nankhoma! Katundu ali kuti? Atibera!"

"Palibe waba. Ndinasamutsira kwa achemwali dzulo, inu muli ku Bwalo."

"Dzulo? Ine ndikukugwadirani pa kapeti?"

A Nankhoma anakonza makwerero kuti aime bwino, n'kuyang'ana kumwamba, dzanja lina likutchinga dzuwa.

"Bambo a Sungeni," anatero mofatsa, "ndakhala nanu zaka makumi atatu. Matani bowolo mutsike."